Ndinawajambula azakhali ndi manja asanu ndi limodzi

Aphungu,

Ndine mtsikana wosazolowera kuyankhula. Anthu akachuluka mawu amandithawa, ndiye ndaona kuti bola ndilembe. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho mukapeza pena pokhota mungowongola.

Vuto langa ndi ili. Azakhali anga, amene amandisunga komanso ndimagwira ntchito kwa iwo, andiuza kuti mwezi uno usanathe ndisankhe chimodzi: ndikafafanizitse chinthu chimene ndinajambula, kapena ndilongedze zanga ndichoke pakhomo pawo. Kuchoka sindikufuna, ndipo ndilibe kolowera kwenikweni. Koma kufafaniza chinthucho ndatsimikiza mtima kuti sindichita. Ndiloleni ndifotokoze mmene zinayambira.

Azakhaliwa ndi mlongo wawo wa malemu bambo anga. Makolo anga atatisiya, iwo ndi amene ananditenga. Ali ndi malo ochapira ndi kusita zovala. Kutsogolo kuli kauntala ndi mahang'ala, kumbuyo kuli makina ochapira, thebulo lositira, ndi kabwalo kokhala ndi zingwe zoyanikira. Ine ndimakhala kumbuyoko. Ndimapisa m'matumba zovala zisanalowe m'madzi, ndimapatula zoyera ndi zamitundu, kenako ndimasita. Kukauntala ndimapitako pokhapokha azakhali akachokapo, ndipo kasitomala akandifunsa kanthu ndimayankha ndikuyang'ana nsapato zake.

Tsiku lina ndikupisa m'thumba la jekete ya namwino wina, ndinapeza kabuku kopindidwa pakati. Kanali ka mapepala wamba a fotokope, komangidwa ndi sitepula, kopanda utoto, kodzaza ndi zojambula m'timabokosi. Lamulo la pantchito ndi lakuti chopezeka m'thumba chimaikidwa mu envulopu n'kulembapo dzina la mwini wake ndi zilembo zoyamba za dzina la wochipeza. Ndinachita zimenezo, koma nditayamba ndakatsegula. Nthawi yopuma masana inatha ndili chikhalire pa chidebe kuseri kwa mashiti oyanikidwa, osadziwa n'komwe kuti sindinadye.

Namwinoyo atabwera ndinamupatsa envulopu yake. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, koma anaseka n'kuti, "Wawerenga eti? Tenga, ine ndamaliza. Ena ukapeze kwa Asisi a Penti, kuseri kwa malo okwerera mabasi."

Asisi a Penti ndi mayi wolemba zikwangwani za mashopu. Timabukuti amajambula okha pamanja, amakachita okha fotokope, amamanga okha, n'kumagulitsa pa kathebulo pambali pa zitini zawo za penti. Alibe kampani, alibe bwana wowauza chojambula. Nkhani yawo ndi imodzi, imangopitirira mwezi ndi mwezi. Ndi ya dziko limene mvula imatuluka m'nthaka n'kumakwera kumwamba. Anthu a kumeneko amatchera madzi ndi mabeseni ozondotsa, ndipo ukavundukula chidebe mosasamala madzi amakuthawa ngati mbalame. Mwini nkhani ndi mtsikana amene amangomutchula kuti Wotunga. Chidebe chake sasenza pamutu. Amachimangirira chingwe m'chiuno, icho chili m'mwamba chozondoka, chikumukoka ngati mbuzi yosamva.

Mwina mukuseka kuti munthu wamkulu akutengeka ndi za ana. Achimwene anga amatero. Koma ndikuuzeni chimene ndimapezamo. Buku la mawu okhaokha limanditopetsa, ndikafika pansi pa tsamba ndaiwala za pamwamba. Umu chithunzi chimandigwira dzanja, mawu ovuta ndimawamva chifukwa ndikuona nkhope ya wonenayo. Chinanso, ngakhale dzikolo ndi labodza, zinthu zake ndi zathu zomwezi. Chogwirira cha chidebe cha Wotunga chinathyoka ndipo anachimanga ndi waya. Zidendene zake ndi zong'aluka. Pali tsamba lina limene akuluakulu akukangana, mawu awo adzaza bokosi lonse mpaka kumupanikizira iye pakona, ndipo kamtambo ka mawu ake n'kakang'ono, mulibe kanthu. Nditaona pamenepo ndinatseka kabuku kaye. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kujambula mmene ndimamvera.

Ndipo Asisi a Penti sathamanga. Amatha kuwononga tsamba lonse kungoonetsa Wotunga akumasula mfundo ya chingwe. Mizere yawo nthawi zina imakhota, inki imadontha, pena fotokope imadya m'mphepete. Ine zimenezo zimandisangalatsa, chifukwa ndimaona kuti apa panadutsa dzanja la munthu.

Tsopano pamene pagona nkhani. Kabuku kalikonse kamatha ndi bokosi lopanda kanthu, pansi pake pali funso. Owerenga amajambula yankho m'bokosimo, amang'amba tsambalo n'kukaponya m'chitini cha penti chobowoledwa pachivindikiro. Asisi amasankha chithunzi chimodzi, ndipo chimene asankhacho chimalowa m'nkhani mwezi wotsatira. Lamulo lawo ndi lakuti sasintha ngakhale mzere umodzi. Mmene wajambulira ndi mmene chidzatulukire, ndipo pansi pake amalemba zilembo zoyamba za dzina lako. Amati chimenecho ndiye ulemu kwa wowerenga.

Funso la mwezi umenewo linali lakuti, Wotunga akafika pa chipata cha nkhokwe yaikulu ya madzi, akapezapo ndani akulondera?

Ndinaganiza masiku angapo ndikusita. Ndani amene ndikumudziwa wodziwa kulondera zinthu? Yankho linali kundidutsa kumbuyo uku makiyi akulira. Azakhali amakiya chilichonse. Kabati ya sopo, kabati ya shuga, bokosi la mabatani, ngakhale pompi ya pabwalo ili ndi loko. Makiyi onse amawamangirira pa chingwe cha epuloni, moti asanatulukire umayamba wamva kuti akubwera.

Ndiye ndinajambula mayi wamkulu ataima pa chipata, ali ndi manja asanu ndi limodzi. Manja asanu agwira mitolo ya makiyi. Ndinamupatsa dzina lakuti Namakiyi. Aphungu, sindinakhale pansi n'kunena kuti lero ndiwajambule azakhali. Kungoti munthu wosayankhula ngati ine amaphunzira nkhope ya amene akumusunga, kuti adziwe ngati lero kuli bwino kapena ayi. Nkhope yawo ndi yokhayo imene ndaiyang'anitsitsa moyo wanga wonse. Bolopeni inangopita yokha: nsidze yakumanzere yokwera, mpata wa pakati pa mano, kadontho kakuda pafupi ndi mphuno, duku lomangira kutsogolo. Komanso sindinkaganiza kuti dzanja langa lingatulutse nkhope yoti munthu n'kuizindikira. Kuti andisankha, pakati pa anthu ophunzira onse aja, sindinalote n'komwe. Ndinaponya pepalalo m'chitini Asisi atatembenuka, n'kuthawa.

Mwezi wotsatira Namakiyi anali pachikuto.

Ndinasangalala masiku awiri okha. Tsiku lachitatu dalaivala wina amene amachapitsa mayunifomu kwathu analowa kabuku kali m'manja. Ndinamumva ndili kumbuyo.

"Mayi, si inu awa? Ndiye n'chifukwa chake zovala zathu sizichedwa, manja onsewa!"

Anthu amene anali pamzere anaunjikana kuti aone. Wina anati, "Mpaka kadontho kamene!" Azakhali analanda kabukuko, anayang'ana chithunzi, anayang'ana zilembo za pansi. Zilembo zanga amazidziwa, ndi zomwe ndimalemba pa maenvulopu tsiku ndi tsiku. Anadikira mpaka kasitomala womaliza atatuluka. Kenako anakiya chitseko cha kutsogolo n'kubwera ku thebulo lositira.

"Iwe, zimitsa simbiyo. Ichi n'chiyani?"

Ndinazimitsa simbiyo.

"Ndakutenga ulibe ngakhale sutikesi. Ndakuphunzitsa ntchito ndi manja angawa, awiri okha, osati asanu ndi limodzi. Kuthokoza kwake n'kundisandutsa chilombo choti madalaivala aziseka?"

Ndinati, "Azakhali, si chilombo."

"Nanga ndi mngelo? Unamuonapo mngelo wa manja ngati kangaude?"

Zimene ndinkafuna kunena zinali zambiri, koma ndinangowerama n'kuyamba kupinda mashiti.

Amuna awo, amene timawaitana ankolo, ndiwo anathira mafuta pamoto. Iwo ndi munthu wanthabwala, sadziwa polekezera. Tikudya anati, "Anamakiyi, tandibwerekani dzanja limodzi lindikande kumsana, enawo azipitiriza ntchito." Azakhali anati, "Bambo, mukabwerezanso mukagona pamwamba pa makina ochapira." Ankolo anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinaona kuti azakhali asiya kudya, ndipo maso awo afiira. Mmawa mwake ndi pamene anandiuza zosankha zija. Anati ndipite kwa wojambulayo, atolere timabuku tonse, ndipo chinthucho chife m'nkhanimo, chisadzaonekenso. Apo ayi, ndipite kwa achimwene.

Chimene chikundipweteka n'chakuti azakhali anangoona chikuto. Za m'kati sanawerenge.

Ndinakuuzani kuti manja asanu agwira makiyi. Lachisanu ndi chimodzi ndinalijambula litabisika kumbuyo, litagwira kakapu kovindikira. Ndinatero chifukwa azakhali ali choncho. Akhoza kukukalipira mmawa wonse chifukwa cha kolala yopsa, koma masana ukapeza kapu ya tiyi pakona ya thebulo, yovindikira ndi sosala, osadziwa kuti yafika nthawi yanji. Manja anga akang'aluka ndi sopo ndimapeza kabotolo ka mafuta m'thumba la epuloni yanga. Ukathokoza amati, "Chiyani? Ine sindikudziwa, gwira ntchito."

Asisi a Penti anakaona kakapuko. Kanali kakang'ono ngati njere, koma anakaona, ndipo nkhani yonse anaimanga pamenepo. M'kabukumo Wotunga akufika pa chipata, Namakiyi akumukalipira, akugwedeza makiyi mpaka mbalame kuthawa. Kenako tikuona zakale. Nkhokweyo inalibe chitseko. Aliyense ankalowa kutunga, n'kusiya zivindikiro zili pululu, mpaka madzi onse anathawira kumwamba. Mzinda unauma, ndipo anthu omwewo anamuloza chala Namakiyi kuti sanasamale. Kuyambira pamenepo, loko iliyonse imene ankaika, ankamera dzanja lina. Tsamba lomaliza lilibe mawu ngakhale amodzi. Wotunga wakhala panja pa chipata, watopa, milomo yauma. Dzanja limodzi likutuluka pansi pa chitseko, likumukankhira kakapu, Namakiyi akuyang'ana kumbali ngati sakudziwa chimene dzanja lake likuchita.

Aphungu, azakhali anali ndi golosale kale, ndisanabwere. Achibale ankangolowa n'kumatenga ngati kwawo, mpaka mashelefu anatsala mbee, shopu n'kutsekedwa. Achibale omwewo ankati mayiyu sadziwa bizinesi. Asisi a Penti zimenezi sakuzidziwa. Sindinawauze, sindinayankhulepo nawo n'kamodzi komwe, ndimangoloza kabuku n'kulipira. Anangoyang'ana chithunzi changa n'kumva zonsezo.

Ndayesa zimene ndikanatha. Ndinasiya kabukuko pa kauntala nditatsegula tsamba la kakapu lija. Ndinakakapeza mu bini, pamodzi ndi ulusi wa m'makina. Ndinapita kwa Asisi a Penti, koma ndinangoima kutsidya kwa msewu. Anali atawerama akujambula ka mwezi wamawa, ndipo ndinaona patali kuti Namakiyi alimonso. Pa kathebulo panali mayi wina akuuza mnzake mokweza kuti, "Ameneyu ndi mayi anga enieni, ndinalira nditawerenga." Sindinawoloke. Ndinabwerera.

Ndinawaimbira achimwene. Iwo amakhala m'chipinda chimodzi ndi alamu ndi ana awo, katani ndiye khoma. Anati, "Mlongo wanga, ungopepesa basi, ukawauze afafanize. Zojambula sizidyedwa. Kuno ukagona pati, pamwamba pa kabati?" Sindikuwada, akunena zoona za chipindacho.

Koma ine ndaganiza, ndipo sindisintha. Ndikapita kukanena kuti Namakiyi afe, ndiye kuti ndavomera kuti ndinawatukwana azakhali, pamene sindinawatukwane. M'moyo wanga wonse ichi n'chinthu choyamba chochokera m'mutu mwanga chimene anthu achimva. Ndipo ndi zikomo yekhayo amene ndinakwanitsa kuwauza azakhali, kungoti anafika mozondoka. Sindikufuna kuchoka pakhomo pawo, ndimawakonda, ndipo ntchito yanga ndimaidziwa. Ndichite bwanji kuti ndikhalebe, Namakiyi asafe? Musandiuze kuti ndingoiwala za timabuku, chifukwa chimenecho chokha sindimva.

Ine T. M.,
wa kuseri kwa thebulo lositira.

T. M. mwana wanga,

Pokhota sindinapezepo m'kalata yako, ndiye za sukulu tisiye. Ndiponso sindikuuza kuti uiwale timabuku. Kabuku kamene kachititsa munthu kuiwala chakudya, kamene kapangitsa mayi wosamudziwa kulira chifukwa wakumbukira mayi ake, si ka ana ayi. Mvula yokwera kumwamba ndi bodza, inde, koma bodza limenelo lakuthandiza kuona azakhali ako bwino kuposa achibale onse amene anawathera golosale. Pitiriza kuwerenga, pitiriza kujambula.

Tsopano ndikuuze chimene sukufuna kumva. Unachita zinthu ziwiri pa pepala limodzi. Unapanga Namakiyi, ndipo ameneyo ndi wako. Koma unatenganso nkhope ya munthu wamoyo osamupempha, n'kuipereka kwa anthu a mumsewu. Sunafune zoipa, ndikukhulupirira, koma kusafuna zoipa sikuchotsa ululu. Iwe amene sutha kuyang'ana kasitomala m'maso, taganiza utalowa m'shopu n'kupeza anthu aunjikana akuseka kadontho ka pankhope pako. Azakhali ako sakulimbana ndi kabuku. Akulimbana ndi kusekedwa pa kauntala yawo, ndi pa thebulo la m'nyumba mwawo momwe. Ukamvetsa zimenezi, njira ioneka.

Yamba ndi Asisi a Penti, ndipo upite mawa, osati sabata yamawa, chifukwa ka mwezi wamawa kakapita ku fotokope nkhani ikula. Msewu uja uwoloke. Ngati pakamwa pakana, lemba pa pepala monga wandilembera ine, uwapatse m'manja, uime pomwepo mpaka amalize kuwerenga. Uwauze kuti nkhope ija ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo wapwetekedwa. Uwapemphe adikire kaye. Uwafunsenso ngati angalole kusintha nkhope, kuchotsa kadontho, mpata wa mano ndi duku, koma manja, makiyi ndi kakapu zikhale. Lamulo lawo losasintha mzere analiika pofuna kulemekeza wojambula, ndipo wojambulayo ndiwe. Ukapempha wekha, lamulolo silinathyoke. Apa ndi pamene timabuku totere timaposa ta makampani akuluakulu: mwini wake ali pa kathebulo, manja ali penti yekhayekha, ukhoza kumupeza n'kumuuza. Munthu amene anaona kakapu kakang'ono ngati njere sangalephere kumva zimenezi.

Zotolera timabuku togulidwa kale n'zosatheka. Usawalonjeze azakhali zimenezo pofuna kuti mtima wawo ukhale pansi, chifukwa bodzalo lidzakutsata. Chimene chingatheke n'chakuti totsala pa kathebulo asatigulitsenso ndi chikuto chimenecho.

Ankolo ako uwapeze paokha. Mawu ochepa akwana: "Ankolo, nthabwala ija ikundichotsa pakhomo." Anthu anthabwala nthawi zambiri sadziwa kuti akuponda pachilonda mpaka wina awauze. Koma usawatume kuti akakupepesere. Akhoza kukayamba ndi nthabwala ina, zonse n'kuwonongeka.

Kenako azakhali. Kusiya kabuku pa kauntala n'kuthawa si kuyankhula, mwana wanga, n'chifukwa chake kanathera mu bini. Sankha nthawi imene shopu yatsekedwa, mulipo awiri, iwo akhala pansi. Yamba ndi kupepesa, ndipo upepese chinthu chenicheni: "Azakhali, ndinatenga nkhope yanu osakupemphani, anthu akusekani chifukwa cha ine. Ndinalakwa." Usaphatikizepo "koma". Ukangoti "koma sindinafune", iwo amva kuti ukudziteteza, makutu atsekeka. Alekeni akalipe mpaka atope. Akatha, uwauze zimene wachita kale kwa Asisi a Penti, kuti aone kuti sunangokhala. Pomaliza upemphe chinthu chimodzi chokha, kuti muwerengere limodzi kabukuko asanagamule. Tsegula wekha masamba. Mukafika pa dzanja lobisika lija, uwauze za tiyi wa pakona ya thebulo ndi kabotolo ka mafuta. Uwauze ndi pakamwa pako, ngakhale mawu atuluke onjenjemera. Mayi ameneyu wakhala akukuchitira zabwino mobisa, iwenso wamuthokoza mobisa, ndipo taona kumene kubisa kwanu nonse kwakufikitsani. Wina ayenera kuyamba kunena poyera, ndipo wamng'ono ndiwe.

Sindikulonjeza kuti asungunuka pomwepo. Mwina angoti "gwira ntchito" n'kutuluka. Usawathamangire. Anthu otere amayankha mawa lake, ndipo nthawi zambiri sayankha ndi mawu. Komabe uwaimbirenso achimwene ako, muuzane mwachimvekere kumene ungafikire masiku ochepa zinthu zikavuta, ndipo uyambe kufunsa mwakachetechete malo ena ochapira zovala. Munthu wodziwa kusita sasowa ntchito. Sindikuganiza kuti zifika pamenepo, koma ukamayankhula ukudziwa kuti sugona panja, mawu amatuluka bwino.

Pa zojambula zamtsogolo, phunzira kuphika nkhope. Tenga mphuno kwa dalaivala, makutu kwa namwino, chipumi kwa munthu wodutsa pa msewu. Zoona zake za munthu zikhalemo, koma aliyense asathe kuloza kuti uyu ndi uje. Uwafunse Asisi a Penti akuonetse mmene amachitira. Ndikukayika ngati angakane, poti anakusankha okha pakati pa chitini chonse.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo ulimve bwino chifukwa ndaona kuti mtima wako ndi wouma ngati wa azakhali ako omwe. Ukawafunsa maganizo awo, yankho lawo ulilandire. Akati nkhope isinthe, isinthe. Akati ikhale, usathamange kukauza anthu kuti wapambana. Koma akawerenga mpaka kumapeto, akamva zonse, n'kunenabe kuti sakufuna kukhalamo ngakhale pang'ono, usachite zachinyengo zobisa kadontho mbali ina ya mphuno. Ukawapemphe Asisi a Penti kuti Namakiyi atuluke m'nkhani ali moyo, ndi ulemu wake, Wotunga apitirize ulendo. Kutero si kuvomera kuti unatukwana, ndipo si kumupha. Azakhali akadzakuuza kuti usiye kujambula, pamenepo ukane, ndipo ine ndidzakhala mbali yako. Dzanja ndi lako, mwana wanga. Nkhope ndi yawo, ndipo akaifuna uwabwezere.

Aphungu